Copperband ndi flame angel m'thanki ya makorali: zomwe ndaona patapita miyezi

Chaka chatha ndinaika m'thanki yanga ya makorali nsomba ziwiri za m'gulu lija ogulitsa amachenjeza kuti mwina zidzawasiya makorali anu, mwina zidzawadya, ndipo palibe angakulonjezeni. Yoyamba ndi copperband butterflyfish, ya mlomo wautali ndi mizere ya mtundu wa mkuwa, imene dzina lake la sayansi ndi Chelmon rostratus. Yachiwiri ndi flame angel, Centropyge loricula, yofiira psuu, ya mizere yakuda m'mbali ndi kabuluu kumapeto kwa zipsepse. Copperband ndinaifunira ntchito, yothana ndi Aiptasia, tizilombo toononga makorali, amene anali atadzaza m'matanthwe. Flame angel ndinaifuna chifukwa cha kukongola basi. Lero copperband ikadali m'thankimo ndipo yanenepa, koma flame angel ndinaichotsa. Ndikufuna ndifotokoze bwino mmene zinayendera, chifukwa anthu ambiri amalemba za nsomba zoterezi zikangotha sabata zochepa, pomwe khalidwe lake lenileni limaoneka mochedwa.

Thanki yanga ndi ya malita pafupifupi 450, yosakaniza makorali ofewa, a minofu yonenepa monga Trachyphyllia ndi Euphyllia, makorali olimba a Montipora angapo, komanso clam imodzi (nkhono ya m'nyanja ya zigoba ziwiri) ya mtundu wa Tridacna. Aiptasia analowa ndi thanthwe lina n'kuchulukana mwakachetechete. Amene sanakumanepo nawo adziwe kuti ndi tianemone tabulauni, tizilombo tofewa tomata pathanthwe tooneka ngati maluwa, timene timaotcha korali aliyense woyandikana nato, ndipo kutipala n'kuwonjezera vuto, chifukwa kachidutswa ka phazi kakatsala pathanthwe kamamera n'kukhala kathunthu. Kubaya ndi kalkwasser, madzi osungunulamo laimu, kumapha tomwe mukutiona, ta kuseri kwa matanthwe n'kumangoberekana. Berghia, tizilombo todya Aiptasia yekhayekha, sitikanakhalitsa chifukwa nsomba yanga ya wrasse imatola chilichonse choyenda pathanthwe. Ndi mmene ndinafikira pa copperband.

Chiopsezo chachikulu cha nsomba imeneyi si makorali, ndi njala. Zambiri zimafa m'miyezi yoyambirira chifukwa chokana chakudya. Kunyanja imakhalira kulowetsa mlomo m'ming'alu kufuna nyongolotsi ndi tizilombo ting'onoting'ono, ndiye chakudya choyandama m'madzi sichidziwa n'komwe kuti n'chakudya. Ine ndinakana kugula mpaka nditaiona ndi maso anga ikudya kwa wogulitsa, ikumeza osati kungolawa n'kulavula. Ndinayang'ananso zinthu ziwiri. Choyamba ndi mlomo, chifukwa ukavulala m'thumba paulendo nsombayo siidyanso. Chachiwiri ndi mnofu wa pamwamba pa mutu, kuseri kwa maso. Pakakhala polowa, ndiye kuti yakhala ndi njala nthawi yaitali, ndipo zotere sizichira kawirikawiri ngakhale zitayamba kudya. Ndi bwinonso kufunsa komwe inagwidwa. Kugwira nsomba ndi poizoni wa cyanide, komwe kunayambira ku Philippines m'ma 1960 n'kufalikira ku Indonesia, kumawononga ziwalo za m'kati, moti nsomba imatha kuoneka bwino kenako n'kufa popanda chizindikiro. N'chifukwa chake oweta ambiri amakonda zochokera ku Australia, komwe malamulo a kagwiridwe ndi okhwima.

M'thanki ya quarantine, yopatuliramo nsomba zatsopano, copperband yanga inadya tsiku loyamba, kenako inasiyiratu. Apa mtima unali m'mwamba. Chomwe chinaibweza ndi clam yaiwisi ya m'firiji, yotsegula pakati n'kuiika pansi ndi chigoba chake chomwe. Inaizungulira kwa nthawi, kupendeketsa thupi, kuyang'ana ndi diso limodzi, kenako inalowetsa mlomo n'kukoka kamnofu. Kuyambira pamenepo ndinkapaka mysis, tinkhanu ting'onoting'ono ta m'firiji, m'chigoba chomwecho pamodzi ndi nyama ya clam, mpaka inazolowera fungo lake n'kuyamba kuithamangira mysis ili m'madzi. Nyongolotsi zamoyo za blackworm zinathandizanso, kungoti zimafa msanga m'madzi amchere, ndiye muziponya pang'onopang'ono. Inatulukanso tizotupa toyera pa chipsepse cha kumchira, matenda a lymphocystis amene amakonda nsomba zamtunduwu zikavutika paulendo. Amayamba ndi kachilombo ka vairasi, mankhwala ake palibe, ndipo tinachoka tokha nsombayo itayamba kudya bwino m'madzi oyera.

Italowa m'thanki yaikulu panabuka vuto lina. Copperband imadya mwaulemu, imayamba yayang'ana kaye, pomwe nsomba zinzake za tang ndi wrasse zimalanda chilichonse chisanafike pakati pa thanki. Ndinatenga kabotolo kapulasitiki koonekera, n'kukaboola timabowo tongokwana mlomo wake, n'kumaikamo mysis. Nsomba zina zimangozungulira panja, iyo n'kumadya mosapupuluma. Kabotolo kameneka ndi kamene kaisunga ndi moyo kuposa china chilichonse chomwe ndinachita, ndipo mpaka pano ikangokaona m'manja mwanga imabwera pagalasi.

Za Aiptasia, musayembekezere zodabwitsa msanga. Kwa nthawi yaitali sinawakhudze n'komwe, mpaka ndinayamba kuganiza kuti ndapeza imodzi mwa zija zosawadya, pakuti zilipo. Kenako ang'onoang'ono anayamba kusowa, akuluakulu n'kutsatira. Pano pamatanthwe palibe ndi mmodzi yemwe woonekera. Chomwe ndinataya ndi ma feather duster, nyongolotsi zokhala m'timachubu zotulutsa mutu wonga nthenga. Tonse tija tinkamera tokha m'matanthwe, toyera ndi tofiira, tinatha Aiptasia asanathe n'komwe, ndipo wamkulu amene ndinachita kugula anatsala chubu chokhachokha. Ndinkadziwa kuti zidzatero, komabe ndimawasowa. Makorali sinawakhudzepo, ngakhale clam yamoyo ija, yomwe ndinkaopa kuti idzaiona ngati chakudya poti ndinaiphunzitsa kudya ndi clam.

Flame angel inali nkhani ina. Sinavute kudya, inalandira zakudya zouma za flake ndi pellet kuyambira pachiyambi, ndipo aliyense wobwera kunyumba ankayamba waiona iyo. Nsomba za mtundu wa Centropyge zimakhalira kujompha matanthwe tsiku lonse ngati nkhuku pabwalo, kutola ndere ndi tinyenyeswa. Miyezi yoyambirira yonse inkachita zomwezo, ikadutsa pa korali osamuyang'ana n'komwe. Amene anandifunsa nthawi imeneyo ndinawauza kuti yanga ndi yofatsa, ndipo zinali zoona.

Chizindikiro choyamba chinaoneka pa clam. Kale inkayala mnofu wake wabuluu mpaka kuphimba m'mphepete mwa zigoba, koma inayamba kumangotsegula theka, m'mphepete mwa zigoba n'kumaonekera poyera. Ndinayamba ndi kuyeza madzi. Mchere, kutentha ndi zina zonse zinali m'malo mwake. Ndinafufuza tinkhono toyera ta pyramid tomwe timayamwa clam usiku, sindinatipeze. Flame angel ikandiona pafupi ndi galasi inkathamangira kutsogolo kudzapempha chakudya, choncho sindinkaigwira ikuchita kanthu. Ndinasiya foni ikujambula n'kutuluka m'chipindamo. Pa kanemayo zonse zinali poyera. Imabwera, kujompha kamodzi m'mphepete mwa mnofu, clam n'kudzikoka mwamphamvu, iyo n'kupita. Clam ikangoyamba kutsegulanso, yabweranso. Sinkadula mnofu ayi, panalibe bala lililonse. Inkafuna zoterera zija zimakhala pamwamba pa mnofuwo. Koma clam ya Tridacna imadalira ndere za zooxanthellae zokhala mu mnofu umenewo, zimene zimafuna kuwala kuti zipange chakudya. Ikakhala yotseka masana onse, imafa ndi njala pang'onopang'ono popanda chilonda chooneka.

Posakhalitsa inatulukiranso Trachyphyllia. Korali amene ankafufuma masana mpaka kubisa chigoba chake anayamba kukhala wofota, mano a chigoba akuonekera pansi pa mnofu. Ma Montipora anasiya kutulutsa tima polyp, timitu tawo tofewa, masana, n'kumatulutsa magetsi akazima. Euphyllia ndi makorali ofewa a Sarcophyton ndi a mushroom sinawalabadire konse, ndipo zimenezi zikugwirizana ndi zomwe oweta ena amanena, kuti nsombazi zimapewa makorali oluma kwambiri ndi a poizoni.

Malangizo amene mudzamve paliponse ndi akuti muidyetse kwambiri, isiya. Ndinayesa ndi mtima wonse: kudyetsa kangapo patsiku, ndere zouma za nori zokhazikika pagalasi, chakudya chopangidwira ma angel. Chinakwera ndi nitrate ndi phosphate basi, zonyansa za m'madzi zochokera ku chakudya. Nsombayo inkadya mpaka mimba kutuluka, kenako n'kupita pa clam. Kwa ine zikuoneka kuti si njala, ndi chizolowezi, ndipo ikangolawa kamodzi siiwala. Ndinavindikira clam ndi kadengu kapulasitiki kwa kanthawi, inatsegula bwinobwino, koma nditangochotsa kadenguko zinayambiranso.

Kuigwira ndi neti m'thanki yodzaza matanthwe n'kosatheka. Imadziwa phanga lililonse, ndipo mukaumirira muthyola makorali omwe mukufuna kupulumutsawo. Ndinaika msampha wa galasi wa chitseko chogwa, n'kumadyetsera nsomba zonse mmenemo chitseko chili chotsegula mpaka zinasiya kuuopa. Flame angel inali yomaliza kulimba mtima. Pano ili kwa mnzanga amene ali ndi thanki ya nsomba zokhazokha, ndipo ikusangalala. Kuipereka kunandiwawa, chifukwa sinalakwe kanthu, inkangochita zomwe imachita kunyanja ku Marshall Islands ndi ku Kiritimati komwe zambiri zimagwidwa, kumene kujompha kwake kumagawikana pa matanthwe ambirimbiri osati pa clam imodzi. Trachyphyllia anafufumanso msanga. Clam inatenga nthawi yaitali, koma pano m'mphepete mwa zigoba mwaoneka mzere woyera watsopano, kusonyeza kuti yayambanso kukula.

Pali anthu amene asunga flame angel zaka zambiri pakati pa makorali popanda vuto, ndipo sindikuwatsutsa. Nsomba iliyonse ili ndi mtima wake. Koma ngati muli ndi clam kapena makorali a minofu yonenepa amene simungapirire kuwataya, ine sindingakulimbikitseni, ndipo ngati mwatsimikiza mtima, gulani msampha tsiku lomwelo mukugula nsombayo. Musatengenso miyezi yoyamba ngati umboni.

Copperband ndingaigulenso, koma ndi ntchito yosatha. Mpaka lero sinalawepo pellet kapena flake, choncho makina odyetsa okha alibe phindu kwa iyo. Ndikachoka pakhomo, pamafunika munthu wodziwa kusungunula mysis, kuika m'kabotolo kaja ndi kudikira mpaka idye. Thupi lake ndi lopyapyala, silisunga mafuta ambiri, ndiye siingakhale masiku osadya ngati mmene tang ingachitire potola ndere. Imathanso kufika masentimita 20, ndiye ndikuona kuti thanki yangayi idzaichepera m'tsogolo. Aiptasia nawo sanatheretu. Mu overflow, modutsa madzi osefukira, ndi mu sump, thanki yosefera madzi ya pansi, komwe mlomo wake sufika, akadalimo ambiri, ndipo amenewo ndimawabaya ndekha ndi kalkwasser ndikamasintha madzi.