Mpope wa geji patatha miyezi 9

Mpope uwu ndinagula mu Okutobala nditatopa ndi kuphulitsa machubu. Ndi uja woponda pansi n'kumapopa ndi manja awiri, wokhala ndi geji. Ndimapalasa njinga tsiku lililonse popita kusukulu komwe ndimaphunzitsa sayansi, ndiye wagwira ntchito ndithu.

Chimene chandipindulitsa kwambiri ndi gejiyo. Kale ndinkangotsina tayala ndi chala, pano ndimaima pa 3 bar (bar ndi muyezo wa mphamvu imene mpweya ukukankha nayo), ndipo chigulireni mpopewu chubu sichinaphulikeponso. Nambala imeneyi ndimaikonda chifukwa imandiuza zimene zikuchitika m'chubumo. Mpweya umene timapumawu uli pafupifupi 1 bar, ndipo geji imawerenga zoonjezera pamenepo. Choncho ikaloza pa 3, ndiye kuti mamolekyulu (tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso timene timapanga mpweya) m'tayalamo achuluka kanayi kuposa amene angakhale m'malo ofanana nawo kunja kuno. Ana anga a kusukulu amaganiza kuti pamenepo mamolekyulu athithikana ngati chimanga m'thumba. Ayi. Mumpweya wamba, mpata wapakati pa molekyulu ndi inzake ndi waukulu pafupifupi kakhumi kuposa molekyuluyo, ndipo mukawachulukitsa kanayi mpatawo suchepa n'kufika theka lomwe. Tayala limalimba chifukwa akumenya khoma la chubu pafupipafupi, osati chifukwa agundana.

Mpopewu ndalowa nawo ngakhale m'kalasi. Mwana akatseka kukamwa kwa payipi ndi chala n'kukankha chogwirira, amamva yekha mpweya ukukana: mamolekyulu ndi omwewo, malo ndi amene achepa. Ndi zimene katswiri wa sayansi Robert Boyle analemba mu 1662.

M'nyengo yozizira ya Juni ndinaukayikira. Tayala lopopa masana linkapezeka latsika pang'ono m'mawa, ine n'kumati geji yafa kapena valavu ikutaya. Kunali kuzizira chabe. Mamolekyulu sanathawe, mpata wawo sunasinthe kwenikweni, angochepetsa liwiro.

Zolakwika zilipo. Kamphira kam'kati kanauma pa mwezi wachisanu, mpope n'kumangopuma osalowetsa mpweya mpaka nditakapaka girisi. Payipi yayambanso kung'aluka pafupi ndi mutu, ndipo izi zikundiwawa chifukwa chinthu cholimba chonchi sichinayenere kupatsidwa payipi yofewa chotere. Kukula kwake nakonso, sungaumangirire panjinga, ndiye paulendo ndimanyamulabe kakang'ono kakale kaja.

Kwa anzanga a kabaza amene mumanyamula anthu ndi katundu, gulani, koma muyambe mwafunsa ngati payipi yosinthira ikupezeka.