Mouthpiece ya tuba yakale ya bowo lalikulu: tepi, yoitanitsa kunja, kapena kupalitsa?

Anzanga oimba malipenga kuno ku Mchinji amandifunsa kawirikawiri za besi yathu ija, tuba ya bandi yathu, ndiye ndiyankhe kamodzi. Ndi Alexander yakale yopangidwa ku Mainz, ku Germany, ndipo bowo lake lolowetsamo mouthpiece (kachitsulo kouzirapo ndi pakamwa) ndi lotakata kuposa la matuba a lero. Mouthpiece ya Bach 18 imamira mpaka m'khosi n'kumagwedera ngati dzino la mwana. Mpweya umathawira m'mbali, mawu n'kukwera kusiyana ndi anzako.

Tepi yoyera ya mapulambala, yokulunga pa mchira wa mouthpiece (mbali yolowa m'bowo), ndinakhala nayo chaka chathunthu. Ndi yotchipa, imapezeka pa Boma pomwepa, koma pakapita nthawi imanyenyeka, tizidutswa n'kukatsakamira m'mavavu.

Chimene chikundiwawabe ndi ichi. Wogulitsa wina wa pa intaneti anandilumbirira kuti mouthpiece ya Denis Wick 3L ikwana, ati L ameneyo akutanthauza yaikulu. Ndinatumiza ndalama zimene bandi inasonkha, ena anachita kugulitsa soya. Za mtengo wotumizira ndi msonkho anandiuza nditalipira kale. Itafika ndinailowetsa anyamata onse akuyang'ana, ndipo inagwedera chimodzimodzi. L uja ndi wamkulu poyerekeza ndi mabesi akale a ku England, a Besson ndi Boosey & Hawkes, amene bowo lawo ndi laling'ono. Kwa Alexander sikanthu. Mouthpiece yakeyo ilibe mlandu, pano ikuimba bwino pa tuba yathu ina, koma amene ndinaima pamaso pa akuluampingo kufotokoza za ndalamazo ndine.

Ma mouthpiece a mchira wa ku Ulaya, monga a kampani ya Perantucci, alipo bwinoko. Nsonga yake ndi mamilimita pafupifupi 13.5 pomwe ya ku America, monga ya Bach ija, ndi 13.2. Ndinabwereka imodzi, inagwira pang'ono koma inalowabe mopitirira.

Ine ndili kumbali ya kupalitsa. Ndinakwera minibasi ndi tuba yonse, kulipira mipando iwiri, mpaka ku Lilongwe kwa bambo wina wa makina opala zitsulo. Anayeza bowo, anayeza mchira wa Bach ija, n'kupala kachibangili kamkuwa kovala pamchirapo, kowonda pang'onopang'ono molingana ndi bowolo. Musapite ndi mouthpiece yokha, adzangoganizira. Ndipo wina akakuuzani kuti aotche bowo lakalelo aike lina, mukane: chitoliro cha tuba yakale n'chopyapyala, chikabooka simuchipeza kuno.