Mafani a Arctic P12 mu kesi yanga: mphepo ikuyenda, makutu akupuma

Anthu ambiri tikamagula fani ya mu kesi ya kompyuta timangoona zinthu ziwiri basi, ma RPM (kuti ikuzungulira kangati pa miniti) ndi timagetsi towala tija ta RGB, ndiye ogulitsa nawonso anatidziwa kale, amangoilumikiza pa kauntala pompo nkukuuza kuti taikani dzanja apa bwana mumve mphepoyo, iwe nkumati eee koma iyi nde yamphamvu. Chomwe sumva mu shopu muja ndi kulira kwake, chifukwa panja pali ma hutala a minibasi za mu Limbe komanso sipika ya shopu yoyandikana ili pa volume yonse. Kulira kwenikweni umakakumvera kunyumba usiku anthu atagona.

Ine ndimakhala ku Chitakale kuno ku Mulanje, ntchito yanga ndi kukonza ma video a maukwati ndi zinkhoswe, nthawi zina makwaya amabwera kudzajambula mawu, ndipo zonsezi zimachitikira mu chipinda chimodzi cha malata chopanda siling'i, maiki ili apa kompyuta ili apo. Ndiye kwa ine phokoso la fani si nkhani yokometsera ayi, likachuluka limalowa mu nyimbo ya eni ake. Kesi inabwera ndi mafani opanda dzina aja, olumikiza pa Molex, waya wochokera ku power supply, omwe ukangoyatsa kompyuta amathamanga liwiro lonse mpaka uzimitse, kaya ukungolemba kalata kaya uku render video ya maola awiri kwa iwo ndi chimodzimodzi, palibe yowauza kuti tachepetsani. Amenewo ndi omwe ndinachotsa nkuikapo Arctic P12 PWM PST, paketi ya mafani asanu, anandibweretsera mlamu wanga kuchoka ku Johannesburg chifukwa mu ma shopu omwe ndinazungulira ku Blantyre munali odzadza ndi owala aja.

Pa pepala P12 ndi fani ya 120mm, kunenepa kwake 25mm, imazungulira kuyambira 200 mpaka 1800 RPM, ndipo ikakhala pa liwiro lonse imakankha mpweya wa 56 CFM (muyeso wa mpweya omwe ukudutsa pa miniti). Manambala amenewa asakutengeni mtima kwambiri. Chomwe chinandikopa ine ndi mapini anayi aja. Fani ya mapini anayi ndiyo amati PWM, pini yachinayi ndi yomwe motherboard (bolodi lalikulu la kompyuta) imagwiritsa ntchito pouza fani kuti pano thamanga pano khala phee malinga ndi kutentha. Ya mapini atatu nayo imatheka kuchepetsa koma pochepetsa ma volts, ndiye ukatsitsa kwambiri ena amangoima osazunguliranso. PST ija ndi kasoketi kena kali pa waya wa fani iliyonse koti ulumikizepo inzake, ndiye mafani atatu akutsogolo onse ali pa header imodzi (soketi ya fani ya pa motherboard) ndipo amamvera limodzi, zothandiza kwambiri ngati motherboard yanu ili ngati yanga ya ma header awiri okha a kesi. Ingoonani buku la motherboard yanu, ma header ambiri amapirira 1A, musamangolumikiza mafani ambirimbiri pa header imodzi.

Tsopano nkhani yeniyeni ndi iyi aise, ndipo ogulitsa sakuuzani. Mpweya omwe fani ikukankha umakwera mofanana ndi liwiro, ukachepetsa liwiro ndi theka mpweya nawo watsika ndi theka, koma phokoso silitsika choncho, limagwa kwambiri kuposa pamenepo, pafupifupi 15 dB (dB ndi muyeso wa phokoso). Ndipo khutu la munthu likamva kusiyana kwa 10 dB limati phokoso latsika ndi theka. Mbali inayi, ukaika mafani awiri ofanana mmalo mwa imodzi phokoso limangokwera ndi 3 dB yokha. Tawerengerani nokha. Mafani awiri oyenda pang'onopang'ono akupatsa mpweya ofanana ndi imodzi yothamanga mothawa galu, koma awiriwo sukuwamva nkomwe. Nde chifukwa chake paketi ya asanu ili ndi nzeru kuposa kugula fani imodzi ya 3000 RPM nkumadzitama nayo. Ndi chifukwa chomwechonso ngati kesi yanu ili ndi mabowo a 140mm ikani a 140mm, P14 iliponso, yaikulu imakankha mpweya omwewo ikuzungulira modekha.

Ine ndinaika atatu kutsogolo olowetsa mpweya, imodzi kumbuyo yotulutsa, wachisanu ali mu kabati kudikira tsiku lake. Olowetsa achuluke kuposa otulutsa, makamaka kwathu kuno. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa fumbi la mu msewu ndi utsi wa anthu otentha mminda zimalowa paliponse, kenako Juni akafika chiperoni chija chikatsika mphiri chinyezi chimamata fumbilo pa mapiko a fani ndi mu heatsink (chitsulo choziziritsa purosesa) mpaka kukhala ngati chiphala chouma mu poto. Mpweya wolowa ukachuluka, wotsalawo umatulukira mtimipata tonse ta kesi ndiye fumbi lilibe polowera kupatula kutsogolo komwe kuli sefa. Otulutsa akachuluka ndi pomwe kesi imayamwa fumbi pa kabowo kalikonse, kumbuyo, pansi, mmbali mwa graphics card, konse. Ndipo apa ndi pomwe chilembo P chija chili ndi ntchito, ma P anapangidwa kuti azikankha mpweya podutsa pa chotchinga monga sefa kapena radiator, pomwe ma F12 a kampani yomweyo amafuna malo otseguka. Kumbuyo kwa kesi F12 ili bho, kuseri kwa sefa yothina ikani P.

Poika yang'anani mbali. Mpweya umatulukira mbali yomwe kuli timitanda togwira mota ndi waya, mafani ena amakhalanso ndi kamuvi pambali. Ndakonzerapo anthu makompyuta angapo ku Luchenza ndi ku Limbuli omwe mafani onse amapopera mkati kapena onse kunja, mwini wake nkumadandaula kuti ma game akudula.

Pa makutu nde zikumveka bwanji? Pansi pa 900 RPM, nditakhala pa mpando kompyuta ili pambali pa tebulo, sindiwamva, chomwe ndimamva ndi hard disk yakale ija yosungira ma video. Ndikamajambula kwaya ndimawasiya cha mma 600 ndipo maiki siitola kanthu. Akadutsa 1300 uyamba kumva kuti waaa, phokoso la mphepo osati la chitsulo, lopiririka. Pa 1800 musanamizidwe ndi munthu, akulira ndithu, palibe fani ya 120mm yomwe imakhala chete pa liwiro limenelo. Koma safika kumeneko kawirikawiri, mwina mu Okutobala masana malata atatentha ine ndiku render, apo ndimawalola alire chifukwa Ryzen 5 yangayi ikafika 95°C imayamba kudzichepetsa liwiro yokha, ndiye bola phokoso kusiyana nkuti video ya mkwati ichedwe apongozi ake akuimba foni.

Kugula fani yabwino nkuisiya pa auto ndi kutaya ndalama. Lowani mu BIOS (ma setting a motherboard, mumalowamo poyatsa kompyuta), pa ASUS amati Q-Fan pa Gigabyte amati Smart Fan, muike header ija pa PWM, kenako mukoke ka graph kaja kuti mafani akhale pansi mpaka purosesa ifike mma 60°C, azikwera pang'onopang'ono kuchoka pamenepo. Chimene chimatopetsa khutu si phokoso lokhazikika koma lija lokwera kutsika kukwera kutsika ukangotsegula Chrome, ndiye ngati BIOS yanu ili ndi pochedwetsa kusintha liwiro ikani masekondi angapo. Komanso pafupifupi fani iliyonse ikamangidwa pa malata a kesi ili ndi liwiro lake lina lomwe imang'ung'udza, kwezani pang'onopang'ono mukumvetsera usiku, mukalipeza mulidumphe pa graph paja. Ngati BIOS ikukuopsani pali pulogalamu yaulere ya pa Windows yotchedwa Fan Control, imachita zomwezo.

Ena andifunsa kuti bwanji sunagule Noctua poti ndiwe wa studio. Noctua NF-A12x25 ija ya ku Austria, ya mtundu wa khaki ndi bulawuni, inatuluka mu 2018, imafika 2000 RPM pa 22.6 dBA ndipo ili ndi waranti ya zaka 6, palibe amene angatsutse kuti ndi dolo, mnzanga wina wa ku Bvumbwe ali nayo pa heatsink ndipo pa liwiro lapakati imamveka mofewa kuposa yangayi. Koma imodzi yokha mtengo wake ndi pafupifupi wa paketi yonse ya asanu, nde ndi mmene kwacha ilili panopa ine ayi. Imodzi pa heatsink ya purosesa ndingamvetse, kudzadza kesi yonse ndi za anthu olandira ma dollar. Ndipo ma dBA olembedwa pa katoni musamafananize a kampani iyi ndi a kampani ina, aliyense amayeza mmene akudziwira.

Zoti mudziwiretu, mtundu omwe ndinagula ine ndi wakuda bii wopanda magetsi, ofuna disco mu kesi ayang'ane wina. Mkati mwake muli bearing ya mafuta ija amati fluid dynamic, imakhalitsa kuposa sleeve bearing ya mafani otchipa yomwe mafuta akauma imayamba kukhwekhwereza mmawa kukazizira. Pochotsa fumbi ndi buloa gwirani mapiko ndi chala asazungulire, ndipo kesi isakhale pansi pa simenti, ikwezeni olo pa kabenchi.

Ndiye inu a ma Dell OptiPlex ndi ma HP akale ochoka mma ofesi aja, omwe ndi ambiri kuno kuposa ma kesi a galasi, tsegulani kaye muone musanatume munthu ku Joni. Ambiri mwa amenewo malo ake ndi a 80mm kapena 92mm, P12 siingalowe, ndipo ma OptiPlex ambiri soketi yake ya fani ndi yawoyawo ya mapini asanu, mufunika ka adapter kapena ikukanani pa boot kuti fani palibe.