Ulendo wapansi ku Rome wotsata mbiri ya Kadinala Bea, ndalama yanga sinalowe m'madzi

Tili ku Rome tinalipira ulendo woyenda wapansi wa maola atatu wokamba za Kadinala Augustin Bea ndi mmene Mpingo wathu wa Katolika unasinthira kaonedwe kake ka Ayuda. Ine ndinkaganiza kuti kukhala kujambula zithunzi basi, koma eeh ndinabwerako mutu uli wodzadza.

Tinayambira pa Piazza della Pilotta pomwe pali Pontifical Biblical Institute, sukulu ya maphunziro a Baibulo yomwe Bea anaitsogolera kuyambira 1930 mpaka 1949. Mjeremani ameneyu anali wa chipani cha Ajezuiti, katswiri wa Chipangano Chakale, ndipo Papa Pius XII ankalapa kwa iyeyu. Ukadinala anaulandira mu 1959 ali ndi zaka 78, ena akanati basi ndikapume koma iye ntchito yeniyeni inayamba pamenepo.

Pomwe panandigwira mtima kwambiri ndi ku ghetto, dera lomwe Papa Paul IV anatsekeramo Ayuda mu 1555. Mayi wotiperekeza anatiimika pa katchalitchi ka San Gregorio della Divina Pietà nkutionetsa mawu a Yesaya 65 olembedwa m'Chiheberi ndi m'Chilatini pamwamba pa chitseko, owanena Ayuda kuti ndi anthu osamvera, ndiye taganizani munthu kutuluka m'nyumba mwako tsiku ndi tsiku nkumawerenga zimenezo m'chilankhulo chako chomwe. Tili chiimire pompo anatifotokozera za Nostra Aetate, chikalata cha msonkhano waukulu wa maepiskopi ku Vatican chomwe Bea anachilimbikira mpaka chinavomerezedwa pa 28 Okutobala 1965, chonena kuti imfa ya Yesu isaikidwe pa Ayuda onse a nthawi imeneyo kapena a lero. Ine Mkatolika wa kubadwa manyazi anandigwira, tonse tinangoti zii.

Tinamalizira panja pa sinagoge wamkulu yemwe Papa John Paul II analowamo mu 1986 nkulandiridwa ndi Rabbi Elio Toaff.

Zodandaula zilipo. Timawayilesi tam'khutu tomwe anatipatsa tinkangodukaduka, komanso nkhani ya maepiskopi omwe ankatsutsa chikalatachi anangoidutsa mothamanga pomwe ine ndimafuna kuimva bwino. Kulowa m'sinagoge ndi tikiti ina yapadera, akanatiuza polipira paja. Mukapita valani nsapato zofewa, miyala ya m'misewu imeneyi imapweteka mapazi zedi.