Maphunziro opewa fodya panyumba yathu ya ana ku Salima

Ndine mmodzi wa amayi olera ana panyumba ina yosungirako ana amasiye kufupi ndi Senga Bay, ndipo kwa masabata anayi alangizi azaumoyo awiri ankabwera Loweruka lililonse kudzacheza ndi achinyamata athu za kuipa kwa fodya. Ndinakhala nawo pa maphunziro onse.

Chimene ndinayamikira kwambiri n'chakuti sanayambe ndi kuopseza. Anafotokoza modekha kuti chikonga chimafika kuubongo m'masekondi ochepa munthu akangokoka utsi, komanso kuti ubongo umapitirizabe kukhwima mpaka zaka pafupifupi 25, n'chifukwa chake chibaba chimagwira msanga wachinyamata kusiyana ndi wamkulu. Mnyamata wina atafunsa ngati chingambwe chopichirira m'khoko la chimanga chili bwinoko poti sichidutsa kufakitale, anamuyankha kuti vuto lili mu utsi weniweniwo, umene uli ndi mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa amenewa amayambitsa khansa. Sewero lawo la kukana ndudu padoko, pamene asodzi a usipa amati fodya amathamangitsa tulo ndi mphepo ya usiku, linawafika anawo pamtima, pakuti anyamata athu ena amapita kumeneko kukagwira ganyu yokoka makoka pa tchuthi.

Pali pamene anandikhumudwitsa. Mtsikana wa Fomu 2 anafunsa kuti, ngati fodya ndi woipa chonchi, bwanji amalume ake a ku Kasungu amamugulira yunifolomu ndi ndalama za fodya yemweyo? Alangiziwo anangoti Malawi analowa m'pangano la WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, lochepetsa kusuta mu 2023, basi n'kudumphira mutu wina. M'dziko limene fodya ndiye mbewu yobweretsa ndalama zakunja zambiri, funso limeneli linayenera kukambidwa mofatsa, ndipo ndinaona mwanayo atagwa nkhope.

Timapepala timene anasiya n'tachingerezi, choncho ana a ku pulayimale sangathe kutiwerenga okha.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi anyamata atatu amene anayamba kale kusuta asanabwere kuno. Iwo anafunika munthu wokhala nawo paokha, osati pagulu pamene anzawo amawaseka, koma ndondomeko ya alangiziwo inalibe zimenezi, pamene paokala ya kumsewu ndudu zikugulitsidwabe imodziimodzi. Ndapempha oyang'anira nyumbayi kuti akawaitanenso, koma ulendo uno alangiziwo abwere chifukwa cha anyamata atatuwa.