YouVersion pokonza phunziro la ulamuliro wokhululukira machimo

Pulogalamu ya Baibulo ya pa foni ya YouVersion, imene mpingo wa Life.Church wa ku Oklahoma unatulutsa mu 2008, ndi yaulere ndipo ilibe zotsatsa malonda. Muli Buku Lopatulika, Buku Loyera ndi Mawu a Mulungu mu Chichewa Chalero. Kwa mlaliki kapena wotsogolera mphakati imathandiza kwambiri, koma pa nkhani ya munthu wofa ziwalo wa ku Kapernao ili ndi malire oyenera kuwadziwa.

Yambani mwatsegula akaunti, kenaka mukopere mabaibulo awiri m'foni bandulo ikadalipo, chifukwa amene simunakope satseguka netiweki ikasowa. Pitani pa Marko 2:7, pamene alembi, atamva Yesu akuuza wofa ziwaloyo kuti machimo ake akhululukidwa, akudzifunsa mumtima kuti ndani angakhululukire machimo kupatula Mulungu yekha. Dinani vesilo, musankhe Compare, ndipo liwoneka m'mabaibulo onse amene mwasankha. Apa pulogalamuyi imagwira ntchito bwino zedi.

Vuto nlakuti Compare imafananitsa vesi lomwelo m'mabaibulo osiyana, osati Marko ndi Mateyu ndi Luka, pomwe phata la phunziroli lagona pamenepo. Muyenera kutsegula nokha Mateyu 9:1-8 ndi Luka 5:17-26. Marko yekha ndiye amanena kuti onyamula anali anayi. Mateyu satchula za kusasula denga, ngakhale funso lakuti "kupatula Mulungu yekha" mulibe. Alembi amangoti Yesu akuchitira Mulungu mwano, ndipo pa vesi 8 khamu likulemekeza Mulungu amene wapatsa anthu ulamuliro wotere. Luka amawonjeza kuti Afarisi ndi aphunzitsi a Malamulo anachokera ku Galileya, Yudeya ndi Yerusalemu komwe. Wongodalira batani limodzi sangazione zimenezi.

Ndipo alembi aja tisawaseke msanga. Pa Yesaya 43:25 Mulungu akuti ndi Iye mwini amene amafafaniza zolakwa, choncho funso lawo linali ndi maziko. Pamene anaphonya mpakuti sanalole kuti wolankhulayo angakhale ndi ulamuliro umenewo. Nchifukwa chake Yesu akufunsa chapafupi nchiti, kunena kuti machimo akhululukidwa kapena kunena kuti dzuka uyende, kenaka nkuchita chooneka ndi maso kuti chitsimikize chosaonekacho. Munthu uja akunyamula mphasa yake nkutuluka onse akuona.

Mitundu yopakira mavesi imathandiza apa. Pakani mtundu umodzi pamene pali chikhulupiriro (Marko 2:5, Luka 7:50), wina pamene pali kukana (Marko 2:7, Luka 7:49, Marko 6:5-6, Yohane 8:24). Mukatero gulu limaona lokha kuti mbali zonse ziwiri zimakhala m'nyumba imodzi.

Kufufuza ndi mawu musakudalire kwambiri. "Akhululukidwa", "kukhululukira" ndi "ndakukhululukira" sizilembedwa mofanana, ndiye mukalemba limodzi ena atha kutsala. Lembani mavesi mu Notes musanapite ku gulu.

Chimene chimatidetsa nkhawa ndi zithunzi za mavesi zotumiza pa WhatsApp. Yohane 20:23, pamene Yesu akuuza ophunzira ake kuti amene iwo awakhululukira machimo akhululukidwa, akatumizidwa yekha, popanda mavesi 21 ndi 22 onena za kutumidwa ndi kulandira Mzimu Woyera, amangobutsa mkangano. Akatolika amaonapo sakramenti la kulapa, pamene Aprotestanti ambiri amaonapo ntchito yolengeza Uthenga Wabwino, ndipo chithunzi sichifotokoza chilichonse mwa izi. Ngati mukutumiza, sankhani mavesi 19 mpaka 23 pamodzi, mudine Copy, muwatumize ngati mawu wamba.