Inshuwalansi yoyendera muyezo wa mvula ndi yoyendera chiwonongeko: iti ikuyenera munda wanu?

Mlimi wa kuno ku Malawi amene akufuna kuteteza ulimi wake amakumana ndi mitundu iwiri ya inshuwalansi, ndipo kusiyana kwake kwenikweni kuli pa amene adzachitire umboni kuti mwatayadi zinthu. Mu mtundu woyamba, kampani imatumiza munthu wake kudzaona zimene zawonongeka, n'kuwerengetsa mtengo wake, kenako n'kulipira. Mu mtundu wachiwiri palibe amene amaponda m'munda mwanu, chifukwa woweruza ndi muyezo wa mvula, kaya wochokera pamalo oyezera a nthambi ya zanyengo kapena ku setilaiti.

Yoyendera mvulayi idayesedwa koyamba kuno ku Malawi mu 2005, pamene World Bank ndi bungwe la NASFAM adaifikitsa kwa alimi 892 a mtedza m'madera a Lilongwe, Kasungu ndi Nkhotakota, itamangiriridwa pa ngongole ya mbewu. Mlimi ankayenera kukhala mkati mwa makilomita 20 kuchokera pamalo oyezera mvula, monga pa Chitedze, ndipo ng'amba ikakula ndalama inkapita kubanki kukachepetsa ngongoleyo. Mu 2015 bungwe la WFP lidayambitsa ndondomeko ya R4 ku Balaka, momwe alimi osowa ndalama ankalipira inshuwalansi pogwira ntchito monga kudzala mitengo ndi kukumba ngalande zosunga madzi. Ubwino wa yoyendera mvula ndi woonekeratu: ndi yotsika mtengo popeza kampani siwononga mafuta kuyendera minda ya ekala imodziimodzi, ndipo palibe kukangana ndi woyendera za kuchuluka kwa matumba amene mukadakolola.

Koma aliyense wokulira kumudzi amadziwa kuti mvula imatha kugwa tsidya la mtsinje, tsidya lino fumbi lili koboo. Muyezo ukanena kuti dera lanu lidalandira mvula yokwanira, simulandira kalikonse, ngakhale chimanga chanu chitafota chisanamasule ngayaye. Vutoli lidagwerapo ndi boma lomwe. M'nyengo ya 2015/16 Malawi adagula inshuwalansi ya chilala ku African Risk Capacity, bungwe la inshuwalansi la maiko a mu Africa, koma chilala chitavuta, mawerengedwe a bungwelo adaonetsa poyamba kuti palibe cholipira, chifukwa ankayesa kuti alimi adadzala chimanga chochedwa kucha pamene ambiri adadzala chocha msanga. Zitakonzedwa, madola 8.1 miliyoni adafika mu Januwale 2017, anthu atavutika kale ndi njala. Ngati zidatero ndi boma lokhala ndi akatswiri, mlimi payekha ayenera kufunsa bwino lomwe kuti muyezo ukutengedwa pati, nyengo ikuwerengedwa kuyambira tsiku liti, ndiponso mvula iyenera kuchepa kufika pati kuti malipiro ayambe. Akumbukirenso kuti inshuwalansi ya ng'amba sidziwa ntchemberezandonda, matalala, akuba, kapena madzi osefukira ngati a namondwe Freddy mu Malichi 2023, pokhapokha zitalembedwa papepala. Kulinso ina yofanana nayo imene imayeza zokolola za dera lonse m'malo mwa mvula. Imeneyi imakwirira zovuta zambiri, koma munda wanu wokha ukalephera pamene anansi akolola, mudzatuluka chimanjamanja.

Yoyendera chiwonongeko ndi ya amene ali ndi katundu woloza ndi chala: chigafa chodzaza fodya, bani yowotchera fodya, ng'ombe yamkaka, pampu ya sola, nyumba yosungiramo zokolola. Pano mumalipiridwa pa tsoka lanulanu, ngakhale mudzi wonse uli pabwino. Mtengo wake ndi wokwera, ndipo pali zinthu ziwiri zimene ogulitsa satchula msanga. Choyamba, gawo loyambirira la chiwonongeko mumasenza nokha, kotero mtengo wotsika nthawi zambiri umabisa gawo lalikulu losenza mwini. Chachiwiri ndi mtengo umene mudalembetsa. Tiyerekeze kuti mudalembetsa pampu pa K1,000,000, ndipo ndalama ya kwacha itatsika mphamvu, monga idachitira ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pampu yomweyo yafika pa K2,000,000. Makampani ambiri adzakuonani ngati mudateteza theka lokha, ndipo pa chilichonse chowonongeka adzalipira theka.

Pa ziweto malamulo ndi okhwima kwambiri. Ng'ombe iyenera kukhala ndi chizindikiro cha kukhutu, umboni wa katemera ndi wa kusambitsa mankhwala a nkhupakupa, ndipo ikafa muyenera kudziwitsa kampani ndi mlangizi wa ziweto mwamsanga. Chizolowezi chathu chosenda ng'ombe mbandakucha ndi kugulitsa nyama isanawonongeke chimatha kutayitsa malipiro onse, popeza umboni umakhala utalowa m'miphika. Kwa nkhuku zakumudzi, katemera wa chitopa ndi wotsika mtengo kuposa inshuwalansi iliyonse.

Ena amati banki mkhonde ikukwanira. Imathandizadi pamene mmodzi wagwa m'mavuto, koma chaka ngati cha 2024, pamene boma lidalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28, mamembala onse amafuna ndalama mwezi umodzi.

Maganizo anga ndi akuti wolima chimanga, soya kapena mtedza pa maekala ochepa, makamaka atatenga feteleza pangongole, apindula ndi yoyendera muyezo, ndipo aigule kudzera ku kalabu kapena kopaletivi kuti pakhale anthu ambiri ofunsa mafunso. Amene chuma chake chili mu ng'ombe imodzi yamkaka kapena m'chigafa asataye ndalama pa mvula, ateteze chinthucho. Wolima fodya pa mgwirizano ndi kampani ayambe waona pepala la zodulidwa pogulitsa, chifukwa mwina akulipira kale inshuwalansi osadziwa. Musanapereke ndalama kwa wina aliyense, tsimikizani kuti kampaniyo ndi wothandizira wake ali ndi chiphaso chochokera ku Reserve Bank of Malawi, ndipo mutenge lisiti pamodzi ndi pepala la mgwirizano tsiku lomwelo.